NDANI ALIPIRA WAPOLISI, NDIPO WAPOLISI AMVERA YANI?

Abale anga, inu amene muli pa nchito kutali ndi kwanu, m'migodi ya ku Kitwe ndi Luanshya, m'mafamu a fodya, m'malokesheni a ku Harare ndi Bulawayo, ndi inu a ku Johannesburg: pali mau amene ayamba kumveka pakati pathu, makamaka tsiku limene munthu waberedwa. Ena akuti masiku a Chitaganya kunali mwambo, wapolisi anali wapolisi, ndipo akuba anali kuopa. Ambiri olankhula chomwechi sanachione Chitaganya ndi maso ao, pakuti chinabadwa mu 1953 ndipo chinaikidwa m'manda pa 31 December 1963. Walira mvula walira matope. Tisanalire apolisi a masiku aja, tiyeni tiyambe tawerenga ndarama: anali kuwalipira ndani, ndipo iwo anali kumvera yani?

Wapolisi sadya mphepo. Malipiro ache, yunifolomu, nsapato, njinga, nyumba, ndi chipolopolo cha m'mfuti yache, zonsezi zigulidwa ndi ndarama, ndipo boma lilibe munda wokololamo ndarama. Zonse zichokera mu msonkho. M'maiko ambiri ndaramazi zituluka m'matumba awiri: thumba la boma lalikulu, ndi thumba la mzinda kapena dera limene apolisiwo agwiramo nchito.

Taonani m'mene Angerezi anakonzera kwao. Mu 1835 anaika lamulo lakuti khonsolo ya mzinda isankhe kabungwe kochedwa Watch Committee, kolemba apolisi nchito, kuwayang'anira ndi kuwachotsa. Ndarama zinali kuchokera mu msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo okhoma msonkhowo ndiwo anali kusankha makhansala. Mu 1856 lamulo lina linakakamiza madera onse a England ndi Wales kukhala ndi apolisi, ndipo boma la ku London linalonjeza kupereka gawo limodzi mwa magawo anai a ndarama za malipiro ndi zobvala. Koma panali chingwe: oyendera anali kuyamba apita kukaona gulu lirilonse la apolisi, ndipo gulu limene lapezeka losalongosoka silinali kulandira kanthu. Mu 1874 gawo la boma linakwezedwa kufika theka. Matumba awiriwa alipobe lero: ndarama zambiri zichokera ku Home Office, zina ku council tax imene inayamba mu 1993, ndipo pa kalata ya msonkhoyo mwini nyumba aona ndi maso ache gawo limene lipita kwa apolisi.

Sindikunena kuti ku England kunali Paradaiso. Poyamba osankha makhansala anali eni chuma okha, ndipo anchito a m'migodi ya malasha analawa ndodo ya wapolisi ku Tonypandy mu 1910 ndi ku Orgreave mu 1984. Koma mfundo inali yodziwika kwa onse: thumba lirilonse liri ndi chingwe chache, ndipo wokhoma msonkho ali ndi pakamwa pofunsa.

Angerezi omwewo pobwera kuno anatenga matumba, zingwe anazisiya kwao.

M'nthawi ya Chitaganya asilikali anali a boma la ku Salisbury, koma apolisi anali a dziko lirilonse pa lokha: Nyasaland Police, Northern Rhodesia Police, ndi British South Africa Police ku Southern Rhodesia. Thumba loyamba linali chotere. Msonkho wa phindu la makampani ndi wa malipiro akulu unali kusonkhanitsidwa ndi boma la Chitaganya, pambuyo pache nkugawidwa. Poyamba, pa mapaundi 100 alionse, Chitaganya chinali kusunga 64, Northern Rhodesia 17, Southern Rhodesia 13, Nyasaland 6. Zambiri mwa ndaramazi zinali za mkuwa, ndipo mkuwa sutuluka wokha pansi; anali kuukumba ndi makolo athu.

Thumba lachiwiri linali msonkho wa mutu, umene mwamuna aliyense wakuda anali kukhoma. Msonkhowu ndi wakale kuposa Chitaganya. Ku Nyasaland unayamba m'masiku a Harry Johnston, amene anakhala mkulu wa boma mu 1891, ndipo unali masheleni 3 pa nyumba. Ku Southern Rhodesia unali masheleni 10 mu 1894, ndipo mu 1904 unafika paundi imodzi. Nchito yoyamba ya msilikali wa pa boma inali kusaka msonkho womwewo umene unali kumlipira. Wolephera kukhoma anali kumtenthera nyumba, kapena kugwira mkazi wache nkumsunga pa boma mpaka mwamuna apeze ndarama. Kodi amuna anali kuzipeza kuti ndaramazo? Kwa Mzungu, pa esiteti, pa famu, mu mgodi. Umo ndimo unayambira ulendo wa Wenela ndi Mthandizi, ndipo umo ndimo ambiri anasandukira machona.

Tsono munthu wa pa ulendo anali kulipira katatu. Msonkho wa mutu unali kumtsata kulikonse kumene apita. M'tauni anali kulipira lendi kwa masipala, ndipo mowa anali kuumwera m'holo ya masipala, pakuti mizinda ya Salisbury ndi Bulawayo inatengera nzeru ya ku Durban yakuti masipala yekha ndiye agulitse mowa wamasese, phindu lache liyendetse lokesheni. Kachitatu, pa bulangete, pa njinga ndi pa fodya panali msonkho wobisika umene unali kupita ku Chitaganya.

Nanga anali kulandira chiyani pa ndarama zache? Anali kulandira kugogoda kwa pa chitseko usiku. Pansi pa lamulo la mu 1946 la malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni a ku Southern Rhodesia, apolisi anali kusecha nyumba kufuna chitupa, mlendo wosalembedwa, mkazi wopanda mtchatho wa ku boma, ndi mbiya ya mowa wophika yekha. Charles Mzingeli ndi bungwe lache la anchito analimbana ndi lamuloli zaka zambiri. M'komboni ya pa mgodi munalinso apolisi a kampani, amene anali kudya za kampani ndi kumvera kampani.

Pamene anthu anatsegula pakamwa, ndarama zao zinabwerera kwa iwo ngati zipolopolo. Mu May 1935 msonkho wa m'matauni a mkuwa utakwezedwa, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu 6. Mu 1953, chaka chobadwa Chitaganya, anthu 11 anaphedwa pa zipolowe za ku chigawo cha kumwera kwa Nyasaland, zimene zinayambira ku Thyolo, ndipo boma linachita kuitana apolisi a maiko oyandikana. Yankho la boma linali kukhazika Police Mobile Force mu 1954, gulu lophunzitsidwa kubalalitsa anthu. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la chipwirikiti. Dr Banda anatengedwa kupita ku ndende ya ku Gwelo, anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda mlandu, ambiri ku Kanjedza, ndipo pa doko la Nkhata Bay asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anaombera khamu la anthu. Bungwe la woweruza Patrick Devlin linawerenga anthu 20 ofa pa Nkhata Bay ndi 51 m'dziko lonse, ndipo linanena poyera kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Kodi ndani anabvomereza kuti ndarama zigwire nchito yotere? M'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya mu 1953 munali anthu 35, ndipo akuda anali 6 okha. M'nyumba ya malamulo ya ku Zomba, mu 1956, akuda anali 5, osankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, osati ndi inu kapena atate anu. Watch Committee ya anthu a m'lokesheni kunalibe. Mwambo umene ena aulira unali mwambo wa ku mayadi, wa masitolo akulu ndi wa maesiteti. Wapolisi wakuda nayenso anali wanchito ngati ife: malipiro ochepa, msonkho akhome, maudindo akulu onse a Azungu okha okha. Mlandu suli pa iye. Uli pa makonzedwe amene anampatsa ndodo yogulidwa ndi mbale wache kuti akamenye mbale wacheyo.

Lero ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe apolisi alipidwa kuchokera m'thumba la boma, ndipo ndaramazo zibvomerezedwa ndi aphungu osankhidwa ndi anthu. Ku South Africa apolisi a dziko alipidwa ndi boma lalikulu, ndipo mizinda monga Johannesburg iri ndi apolisi ache olipidwa ndi mzinda. Mlendo wa kumeneko saponya voti, koma akhoma VAT ya 15 pa 100 pogula nsapato kapena foni, ndipo mu lendi yache muli msonkho wa mzinda. Chingwe chiripo tsopano, koma chingwe chosakokedwa sichisiyana ndi chingwe chimene palibe. Pa 16 August 2012 apolisi a boma losankhidwa ndi anthu anapha anchito a mu mgodi 34 ku Marikana.

Chifukwa chache ife a mabungwe a anchito tinena izi. Choyamba, nthambi iriyonse ya bungwe ifunse phungu kapena khansala kuti pa ndarama za apolisi, zingati zipita kogwira akuba m'makomboni mwathu, ndipo zingati zipita kogula utsi wokhetsa misozi. Chachiwiri, musalipire faindi popanda lisiti. Ndarama yopereka m'manja pa mseu ndi msonkho wachiwiri umene sufika m'buku lirilonse. Chachitatu, wapolisi akakuzunzani, musapite nokha. Pitani ndi mlembi wa bungwe, dandaulo lilembedwe. Ku Malawi kuli Independent Complaints Commission, yochokera m'lamulo la apolisi la mu 2010, ndipo ku South Africa kuli IPID. Chachinai, kampani isadyetse apolisi a boma ndi galimoto, mafuta kapena nyumba, pakuti tsiku la sitalaka wapolisi adzakumbukira dzanja limene linampatsa. Chachisanu, wapolisi alipidwe bwino ndi pa nthawi yache, kuti asakolole m'matumba mwathu.

Akuba alipo, ndipo kuberedwa kuwawa. Koma mankhwala ache si kuukitsa Chitaganya ndi pakamwa pathu. Makolo athu anakhoma msonkho popanda liu, ndipo ena anafera liu limenelo pa Luanshya ndi pa Nkhata Bay. Ife tiri nalo. Werengani kapepalaka pa msonkhano wa nthambi yanu, muwerengerenso mnzanu wosadziwa kuwerenga, ndipo funso loyamba lilembedwe mwezi uno usanathe.