Za Pluto tisamalire nazo

Anthu akudandaulabe kuti Pluto anamulanda upulaneti. Ine ndikuti akatswiri aja anachita bwino ku Prague mu 2006. Lamulo lake ndi ili: pulaneti izizungulira dzuwa, ikhale yobulungira, komanso ikhale italambula njira yake. Chachitatuchi Pluto chinamukanika. Mwezi wathu womwewu ukumuposa kukula!

Ena akuti tinamuzolowera. Aaa, kuzolowera? Kuno ku Mbenji a Makanjira akatseka chilumba mu Disembala, ngakhale bwana amene ndimamukonzera injini chaka chilichonse amapakira maukonde n'kutuluka. Mukamukondera Pluto, Eris amene anapezeka mu 2005 mumukaniza bwanji? Alowa ndithu, anzake ambirimbiri pambuyo. Ana athu aziloweza mayina mpaka liti?