ANA A KU PAISHUKO TIWAYANKHE CIANI?

Abale athu a m'makomboni, ife a kuno kwa Nkomeshya tiidziwa nkhondo ya mdani wocokera kunja. Mu 1979 asilikali a ku Rhodesia anaphulitsa ulalo wa pa Chongwe, ndipo nkhani imeneyo tiisimba kwa adzukulu athu mosacita manyazi. Koma ilipo nkhondo yina imene tiopa kuichula, cifukwa opha ndi ophedwa anali ife tokhatokha.

Mu 1964, ufulu uli pakhomo, anthu a mpingo wa Lumpa wa Mai Alice Lenshina anakana makadi a cipani namanga midzi yao ya malinga. Mwazi unayamba kukhetsedwa ku Chinsali. Pa 3 August a Lumpa anathira nkhondo pa boma la Lundazi napha anthu ambiri. Patapita masiku owerengeka, khamu la anthu olusa, otsatira UNIP, linalowa m'mudzi wa a Lumpa wa Paishuko nilipha anthu 46. Sitibisa: anali anthu a cipani ca ufulu. Boma lomwe linabvomera kuti akufa pa nkhondo yonseyo anaposa 700.

Ulalo wa Chongwe unamangidwanso. Nanga mwana amene anaona amake akulasidwa, anammanganso ndani? Mwanayo sanagule kadi, sanakane kadi. Ana ena anathawira m'thengo, ena anatsata akulu kunka ku Mokambo m'dziko la Congo, kumene zikwi za a Lumpa zinakakhala ngati alendo. Wamasiye wotere munda wa atate ace anautaya, sukulu inamdutsa, ndipo wopanda sukulu m'tauni nchito yace ndi ganyu kufikira msana utapindika. Amene anali ndi zaka zisanu nthawi imeneyo lero ndi nkhalamba yopitirira zaka 60. Umasiyewu unagwa mbali zonse ziwiri, kwa a Lumpa ndi kwa a UNIP omwe.

Ena ati, "Zakale zisiyeni, mudzadzutsa cidani." Ife tikana. Tinakhala cete, nanga cidani cinatha? Mu 2020 mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zitabuka, makamu a anthu anamenya ndi kutentha anzao ongoganiziridwa m'Lusaka ndi kwina. Amenewonso anasiya ana. Mwala suponyedwa ndi khamu, uponyedwa ndi dzanja la munthu mmodzi, ndipo khamu likabalalika palibe atsala kulera mwana.

Cifukwa cace tifuna Boma lilembe maina a onse amene anafa mu 1964, mosasankha mpingo kapena cipani, ndi kufunafuna amasiye amene akali moyo kuti alandire cithandizo ca okalamba. Ndipo inu anyamata a ku Matero, Chilenje ndi Kalingalinga, mukamva mpfuu yakuti "Mgwireni!" musatole mwala, mperekeni ku polisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene tinapfuula Kwaca, tinati kwacera onse.