Za Kumwamba: Nthanda Si Wotchi



Anthu amene amalidziwa bwino thambo la m'bandakucha ndi asodzi ndi alonda. Kuno ku minda ya tiyi ya ku Thyolo kulibe asodzi, koma alonda alipo ambiri, ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makwasa ndi m'maesiteti ena onse. Tikawonjezapo amayi othyola tiyi amene amadzuka tambala woyamba kuti aphikiretu asanakaonekere kwa kapitawo, ndi ife odzukira swala ya Subuhi, ndiye kuti gulu lakula. Tonsefe tikangotuluka pakhomo maso amathamangira kum'mawa, komwe kuli phiri la Mulanje, kukafuna Nthanda. Tikaiona timati kwacha. Chizolowezi chimenechi nchokoma, koma chili ndi msampha wake.

Tiyambe ndi kuidziwa Nthandayo. Nyenyezi zenizeni ndi madzuwa akutali kwambiri, zimayaka zokha, ndipo sizisinthana malo. Nsangwe zimene ankaloza agogo athu zikadali mulu womwewo mpaka lero. Nthanda ndi ina. Iyo ndi dziko, lalikulu pafupifupi ngati lathuli, lozungulira dzuwa lomweli, ndipo kuwala kwake nkobwereka kudzuwa monga umachitira mwezi. Maiko otere ana athu kusukulu amawatcha mapulaneti. Asanu amaoneka ndi maso okha popanda chida chilichonse: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. M'mabuku a Chiarabu maina awo ndi Utarid, Zuhura, Mirikh, Mushtari ndi Zuhal. Nthanda yathu ndiye Venus, kapena kuti Zuhura.

Kuwazindikira nkosavuta. Nyenyezi zimathwanima, pomwe pulaneti imawala phee ngati nyali yopanda mphepo. Venus ndi woyera ndipo amaposa onse, Jupiter amatsatira, Mars ndi wofiirira ngati dothi la m'minda ya tiyi, Saturn ndi wachikasu pang'ono. Onse amayenda m'njira imodzi, yomwe dzuwa ndi mwezi zimadutsamo. Ife a ku Malawi tili ndi mwayi poti njira imeneyi imaima chilili kuchokera pomwe dzuwa limatulukira, motero ngakhale Mercury, amene anthu a ku Ulaya amavutika kumuona, kuno amaoneka bwino nyengo yake ikakwana, pansi penipeni, kutatsala pang'ono kuti kuyere.

Makolo a m'dera lino adali ndi nthano yake. Mayi Alice Werner, amene adakhalapo cha ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890, adalemba kuti Anyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Wa kum'mawa, Chekechani, ngwoumira, sadyetsa bwino mwamuna wake, nchifukwa chake mwezi ukafika kwa iye umawonda mpaka kutha. Wa kumadzulo, Puikani, amaunenepetsa. Ndi nthano chabe, komabe adaiyamba anthu openyetsetsa, pakuti nzoonadi kuti mwezi wowonda umaoneka kum'mawa m'bandakucha ndipo wokula umayambira kumadzulo. Chimene chidawabisikira nchakuti akazi awiriwo ndi munthu mmodzi. Venus amakhala kum'mawa miyezi pafupifupi 9, kenaka amasowa m'kuwala kwa dzuwa kwa miyezi ngati iwiri, natulukira kumadzulo komwe amakhalanso miyezi pafupifupi 9. Akasowanso masiku owerengeka amabwerera kum'mawa. Ulendo wonsewo umatenga masiku 584.

Msampha uja uli pamenepa. Chinthu chimene chimasamuka chotere sichingakhale wotchi. Tiyeni tikumbutsane za Ramadhani zitatu zotsatizana. Mu Ramadhani ya chaka cha 2022, imene idagwa m'mwezi wa Epulo, Nthanda inkatuluka maola pafupifupi atatu dzuwa lisanatuluke. Amene adasiya daku poiona adadzimana chakudya nthawi ikadalipo yambiri. Mu Ramadhani ya 2023 kum'mawa kudalibe Nthanda konse, pakuti idali kumadzulo, ikuwala pa nthawi ya futari. Kumapeto kwa Ramadhani ya 2024 idalipo kum'mawa, koma inkatuluka kutatsala ola limodzi lokha kuti dzuwa lituluke, nthawi ya Subuhi italowa kale. Munthu amene adati adya mpaka aione adadya kutacha. Kuno ku Thyolo zidaposa apo, popeza phiri ndi mitengo ya bulugamu zimaibisa kanthawi ndithu itatuluka kale.

Palinso chisokonezo china. Venus satalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri 47. Mukatambasula mkono nkufumbata, chibakera chimodzi chimaphimba madigiri ngati 10, ndiye kuti sapitirira zibakera zisanu. Choncho sangaoneke pakati pa usiku, ndiponso sangafike pamutu kukadali mdima. Chowala kwambiri chimene mwachiona pamwamba usiku wa manu chimakhala Jupiter kawirikawiri. Amene amamuyesa Nthanda ndi aja amadzutsa nyumba yonse 1 koloko, nakakhala pakhomo la mzikiti kapena pa siteji ya basi akunjenjemera ndi chisanu cha Juni, kudikira kucha kumene kukadali kutali.

Nanga kuwala kumene kumabwera kusanache? Mashehe athu amaphunzitsa kuti m'bandakucha ulipo wa mitundu iwiri, wabodza ndi woona. Wabodza umaima chilili ngati mzati wotuwa, wotambalala pansi, wosongoka kumwamba. Woona umayala chopingasa m'munsi mwa thambo ndipo umangowonjezekera. Akatswiri a zakuthambo adapeza kuti wabodza uja ndi kuwala kwa dzuwa kogunda fumbi lomwazikana m'njira ya mapulaneti. Nchifukwa chake mzatiwo umaloza momwe mwandanda mapulanetiwo. Kumalo kopanda magetsi, usiku wopanda mwezi, umaoneka bwino lomwe, ndipo tikukhulupirira kuti asodzi a usipa amene amazimitsa nyali zawo pobwerera kudooko adauonapo kambirimbiri. Swala ya Subuhi ndi kuyamba kwa swaumu zimatsata m'bandakucha woona, ndipo pa zimenezi tidalire ndandanda ya nthawi ya pamzikiti ndi adhana.

Sitikunena kuti musiye kuyang'ana kumwamba, ayi. Tikufuna muziyang'ana kwambiri, ndipo muzidzutsako ana. Anthu a m'tauni amalipira ndalama kuti aone zinthu zosafika pa zimene ife timazidutsa tili ndi birika m'manja. M'mwezi wa Epulo 2022 uja, odzukira daku adaona mapulaneti anayi atandanda mzere umodzi: Jupiter pansi, kenaka Venus, Mars ndi Saturn pamwamba. Pofika pa 1 Meyi, Venus ndi Jupiter adayandikana kotero kuti chala chimodzi chinkawaphimba onse awiri. Pa 24 Juni chaka chomwecho onse asanu adaoneka m'bandakucha, atatsatana monga momwe adatalikirana ndi dzuwa, kamwezi kali pakati pa Venus ndi Mars. Pa 12 Ogasiti 2025 Venus ndi Jupiter adakumananso kum'mawa. Kuyandikana kumeneku nkwa m'maso mwathu chabe, pakuti pakati pawo pali mtunda wa makilomita mamiliyoni mazanamazana, ndipo sikulosera imfa ya mfumu kapena chilala monga ena amanenera.

Kunena zoona, inu a ku Nkhotakota ndi ku Salima mumatiposa, chifukwa kum'mawa kwanu ndi nyanja yokhayokha. Ife kuno timalimbana ndi chiperoni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu ndi mvula yowaza zimene zimatha masiku angapo, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umadetsa m'munsi mwa thambo. Koma chiperoni chikangochoka, thambo la ku Thyolo limakhala ngati alitsuka, ndipo munthu ataima pamwamba pa munda wa tiyi amaona zonse mpaka pamsana pa Mulanje.

Oyamba kumene asankhe malo amodzi pabwalo ndi mtengo umodzi wa kum'mawa woti ukhale chizindikiro. Aziimapo nthawi yofanana tsiku lililonse kwa masabata awiri, nayerekeza chowalacho ndi nyenyezi zimene zili pafupi nacho. Venus ndi Mars aoneka kuti asuntha pakangopita masiku ochepa. Saturn amafuna kudekha, popeza amatenga zaka 29 ndi theka kuti azungulire dzuwa kamodzi. Nthawi yabwino koposa ndi sabata yomaliza ya mwezi wa Chisilamu, pamene kamwezi kowonda kamatsika m'mawa uliwonse, kakudutsa mapulaneti mmodzimmodzi mpaka kusowa m'kuwala kwa dzuwa. Kakasowa kum'mawa, werengani masiku awiri kapena atatu, ndipo yambani kukafuna kumadzulo dzuwa likangolowa.