Nkhwani Ukafota Masana Musathamangire Mankhwala

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, mafunso amene timalandira kuno ku wailesi amayamba kufanana. Funso limene limabwera kawirikawiri kuchokera kwa amayi a m'midzi ya m'malire ndi lakuti: "Maungu anga akufota, ndipopere mankhwala anji?" Ine ndimaona kuti vuto layambira pa funso lomwelo. Munthu wagamula kale kuti mbewu yadwala, chimene akufuna ndi dzina la mankhwala basi. Maganizo anga ndi akuti maungu ambiri amene timawaona atafota masana sakudwala konse, ndipo mankhwala amene tikuwapopera ndi amene angadwalitse ana athu.

Azakhali anga ali ndi mapando asanu a maungu kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala. Amawabzala chilimwe kuti azipeza ndiwo mvula isanagwe. Tsiku lina dzuwa litafika paliwombo anapeza masamba onse atagwa ngati nsanza zonyowa. Mtima unawapweteka. Tsiku la msika anagula kabotolo ka mankhwala kwa mnyamata wina amene amayala malonda ake pansi. Kabotoloko kanalibe chizindikiro chilichonse, kanali kaja ka zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nditafika madzulo ndinawapeza akufunafuna pobwereka mpope.

"Zakhali, tadikirani kuche. Tikaone kaye mmawa," ndinawapempha.

"Iwe mwana wa dzana, maungu unayamba kulima liti? Ukufuna afe ndikuyang'ana?"

Anavomera monyinyirika, mwina chifukwa mwini mpope sanapezeke. Kutacha, dzuwa lisanatuluke, tinapita kuseri kuja. Masamba onse anali chilili, otambasuka bwinobwino, ngati si omwe aja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimachitika ndi ichi. Tsamba la dzungu ndi lalikulu kuposa masamba a ndiwo zina zambiri za m'dimba, ndipo lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake. Madzi amene mizu imayamwa m'nthaka amakwera ndi mtsitsi n'kutulukira m'timabowo timeneti, monga mmene thukuta limatulukira pathupi la munthu. Dzuwa likawomba kwambiri, mphepo youma ikuwombanso, tsamba limataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ingatumizire ena. Pamenepo tsamba limalefuka n'kugwa, ngakhale dothi lili lonyowa. Dzuwa likapendeka mizu imapitiriza ntchito yake, ndipo usiku tsamba limadzazanso madzi n'kudzuka. Chimanga nachonso chimapinda masamba ake masana kukatentha, koma sindinaonepo munthu akuthamangira mpope chifukwa cha zimenezo. M'munda wa dzinja maungu amayanga pansi pa chimanga, pamthunzi, n'chifukwa chake sitizolowera kuwaona atafota. Akakhala okha pabwalo m'chilimwe m'pamene timadabwa.

Choncho nthawi yoyendera maungu ndi mmawa, osati masana. Mukawapeza atadzuka, nthawi zambiri palibe nthenda. Mukawapeza akadali ofota kutacha, apo ndiye pali nkhani, ndipo chida choyamba ndi chala chanu. Pisani chala m'dothi pafupi ndi tsinde mpaka chilowe chonse. Ngati pansipo pali pouma, mbewu ili ndi ludzu, ithirireni.

Kuthirira nakonso kuli ndi kachitidwe kake. Ambiri timawaza timadzi pang'ono pamwamba pa masamba tsiku lililonse, nthaka n'kunyowa pamwamba pokha. Mizu imatsatira madzi, ndiye imangoyenda pamwamba pamene pamatentha msanga. Ndi bwino kukonza kabeseni kozungulira phando n'kuthira madzi ambiri nthawi imodzi patsinde, mmawa kapena madzulo, kuti alowe pansi. Mukatero mutha kudumpha tsiku kapena masiku awiri malinga ndi dothi lanu. La mchenga limauma msanga kuposa la makande. Kenaka phimbirani phandolo ndi udzu wouma, mapesi kapena makoko a nyemba, koma musagunditse patsinde penipeni. Dothi lophimbira silitentha ndipo limasunga chinyezi. Manyowa owolerana amathandizanso dothi kugwira madzi, ndicho chifukwa dzungu lomera lokha padzala limaposa lobzala pamalo oyera.

Pali chinthu chimene chimandimvetsa chisoni. Mayi akaona masamba agwa masana amatuma mtsikana kumjigo nthawi yomweyo, dzuwa lili pamutu, chigubu cha malita 20 pamutu pomwepo. Mwanayo amabwerera mutu ukuwawa, madziwo n'kukathiridwa pa mbewu imene ikanadzuka yokha madzulo. Mwa awiriwa amene amafunikadi madzi ndi mthunzi masana ndi mwanayo.

Nanga ngati dothi lili lonyowa koma mbewu yafota mpaka mmawa? Nthawi zina vuto ndi madzi omwewo. Mizu imafuna mpweya, ndipo ikakhala m'matope masiku angapo imawola. Mizu yowola siyamwa madzi, ndiye mbewu imafota ili m'madzi, mwini wake n'kumawonjezera ena. Lekani kuthirira, dothi lipume. Zikapanda kusintha, zulani phando limodzi lokhalo muone mizu. Mukapeza yatupatupa ngati mikanda, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tija timene alimi a fodya ndi tomato amatidziwa bwino. Mukang'amba tsinde n'kupeza mkati muli mofiirira, ndi nthenda imene yatseka njira ya madzi. Zonse ziwirizi zili m'nthaka ndi mkati mwa mbewu, kupopera pamasamba sikungazichotse. Zulani phando lodwalalo, muliwotche, ndipo chaka chamawa pamalopo bzalani chimanga, maungu muwasunthire pena. Tembenuzaninso masamba. Mukapeza nsabwe zaunjikana kunsi, thyolani masamba ogwidwa kwambiri, otsalawo muwatsuke madzulo ndi madzi a sopo pang'ono. Zikakukanikani, funsani alangizi a zaulimi, muwatengere mbewu yodwalayo aione ndi maso.

Wina afunsa kuti nkhani ya maungu ikutani m'kalata ya zaumoyo. Ili muno chifukwa cha kabotolo kaja. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo ogulitsidwa mwalamulo amakhala ndi chizindikiro chonena mbewu zoyenera kupopera, muyeso wake, ndi masiku oyenera kudikira musanakolole. Kabotolo kopungulira kamsika kalibe zonsezi. Simudziwa ngati ndi mankhwala a thonje, a fodya kapena osambitsira ng'ombe, ndipo wogulitsayo nthawi zina sadziwanso. Tsono ganizirani mmene timadyera nkhwani. Sitidikira nyengo yokolola ayi. Timathyola nsonga lero, mkucha tathyolanso. Mayi amene wapopera Lachiwiri, Lachinayi ali pamkeka akusadzula masamba omwewo, madzulo mwana wa zaka ziwiri akudya. Musadalire kuti kutsuka ndi kuphika kuchotsa poizoni yense.

Mankhwalawa akalowa m'thupi munthu amamva mutu ndi chizungulire, amasanza, amatuluka thukuta ndi malovu ambiri, m'mimba mumapotokola, ndipo zikafika poipa amabanika. Zina mwa zizindikirozi zimafanana ndi malungo, moti banja likhoza kutaya nthawi likuganiza zina. Munthu akayamba zotere atapopera kapena atadya ndiwo zopopera, muvuleni zovala zimene zagwera mankhwala, musambitseni ndi sopo ngati amudonthera pakhungu, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo. Musamukakamize kusanza, ndipo mkaka si mankhwala a poizoni ngakhale ambiri amatero. Botolo la chakumwa lokhala ndi mankhwala ndi msampha kwa mwana wamng'ono amene amadziwa botolo koma sadziwa zamkati.

Ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Adzati alimi a mbatata ya kachewere ndi tomato a ku Angónia ndi ku Tsangano amapopera, ndipo katundu wawo amadzaza msika wa Lizulu. N'zoona, ndipo sindikunena kuti mankhwala onse ndi oipa. Chiwawu cha mbatata ndi nthenda yeniyeni, ndipo mlimi wodziwa ntchito amagula mankhwala a chizindikiro, amayeza, amadikira masiku ake. Koma dzuwa si kachilombo. Palibe mankhwala ophera dzuwa. Kupopera tsamba lofota ndi kutentha n'kutaya ndalama, ndipo mankhwala opopera dzuwa likuswa mtengo akhoza kuwaula tsamba lomwelo. Amaphanso njuchi zimene zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lalimuna kupita pa lalikazi, kenaka timadabwa kuti timaungu tikungoyoyoka tisanakule.

Ena adzati kwathu kumatentha kuposa kwanuko. Apa ndikuvomereza. Kuno kumapiri usiku kumazizira ndipo mbewu imapeza mpata wopuma. Kumunsi, cha ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo tsamba lofota tsiku ndi tsiku limatha kupsa m'mbali, mbewu n'kumakula mokwinimbira. Koma yankho lake kumenekonso ndi mthunzi. Zikani timitengo tinayi, yalani udzu wopyapyala kapena nthambi pamwamba kuti zitchinge dzuwa la masana, la mmawa lizilowa. Pobzala sankhani mbali ya nyumba imene imalandira mthunzi dzuwa likapendeka.

Palinso amene sapopera koma amataya mtima. Amaona masamba agwa masiku atatu, n'kunena kuti zakanika, n'kusiya kuthirira kapena kutsegulira mbuzi. Amenewa akutaya ndiwo panthawi imene ndiwo zimasowa kwambiri. Mfutso wa chaka chatha umakhala utatha, ndiwo za m'munda sizinamere, ndalama ya fodya kapena mbatata inapita kalekale. Mapando asanu a maungu amatha kupatsa banja ndiwo kangapo pamlungu mpaka mvula itagwa. Tinaziona bwino mu 2024, chilala cha El Niño chitawononga chimanga mbali zonse ziwiri za malire, kuti kadimba ka kuseri kwa nyumba si kamasewera.

Nkhwani, monga masamba ena obiriwira kwambiri, uli ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda. Ndi vitamini yemwe uja ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira kusikelo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Mozambique ndi opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Nkhwani wokha sungathetse zimenezi, koma ndi chakudya chimene mayi wopanda ndalama angachipeze pakhomo. Mukautendera ndi nsinjiro, mafuta a mtedza amathandiza thupi kulandira vitaminiyo. Chepetsani soda ndipo musaphike mpaka masamba ade, chifukwa zimenezi zimawononga mavitamini ena.

Kumene madzi ndi ovuta, otsukira mbale ndi otsukira ndiwo musawataye pabwalo, athireni m'kabeseni ka phando, pansi osati pamasamba. Koma ochapira matewera kapena zovala za munthu wotsegula m'mimba apite kuchimbudzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Mgolo wosungira madzi a m'dimba nawonso uzikhala wovundikira kuti udzudzu usaswanemo.

Azakhali aja anaphimbira mapando awo ndi mapesi tsiku lomwelo, ndipo amathirira madzulo, ndowa imodzi pa phando, n'kudumpha tsiku. Masana masamba amagwabe, iwo amangowayang'ana ali pakhonde. Kabotolo kaja sitinakathire kumtsinje kapena kudzala, ndinakapereka kwa alangizi. Mpaka lero ndikapita kwawo amandipakulira nkhwani wotendera, kenaka n'kundikumbutsa kuti ndalama imene anagulira kabotoloko sindinawabwezere.