PAKHONDE LA BANJA: Mwana Akati Akufuna Kukaphunzitsa Chingerezi ku Spain



Kale mwana akatsanzika pakhomo tinkadziwiratu kuti ulendo ndi wa ku Joni, kapena ngati wakhoza bwino ku madrasa, ndi wa ku Madina kukaphunzira za Dini. Tsopano kwabwera ulendo wina. Aphunzitsi achinyamata akuona pa foni zawo kuti m'mizinda ya ku Spain, monga Madrid, Sevilla ndi Granada, muli sukulu zambiri zophunzitsa Chingerezi, ndipo ena mtima uli kale m'ndege. Ife tikuti makolo musathamangire kuzimitsa chimwemwe chimenechi, komanso musathamangire kugulitsa bwato kuti mupeze ya tikiti.

Tiyambe ndi kumvetsa mwanayo. Ena mwa ana athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma limawatumiza kumtunda, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Nambuma kapena ku Mpingu, pakati pa minda ya fodya ndi mtedza. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo kumidzi. Malipiro nawo anaphwa mphamvu pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu wotere akamalota zolandira ma euro, tingamudzudzule bwanji?

Koma kumtundako waphunzirako chinthu china chimene makolo sitichiwerengera. Waphunzira kukhala Msilamu kumene Asilamu ndi ochepa: kupalasa njinga mtunda wautali kuti akapeze Jumu'a, kufunsa amene wazinga mbuzi asanagule nyama pa msika wa Namitete, ndi kukhala mwamtendere ndi anansi a mpingo ndi a gule. Amene wasunga Swala yake kwa Kabudula sadzayamba kuiwala chifukwa wafika ku Madrid.

Ndipo Spain si dziko losadziwa Chisilamu ayi. Asilamu anaolokera kumeneko mu 711 motsogozedwa ndi Tariq ibn Ziyad, ndipo ufumu wawo womaliza, wa Granada, unagwa mu 1492. Mzikiti waukulu wa ku Córdoba unayamba kumangidwa cha mu 785. Unasandutsidwa tchalitchi mu 1236, koma zipilala zake zilipo mpaka lero. Ngakhale m'chiyankhulo chawo Chiarabu chinatsalamo. Mpunga amati arroz, shuga amati azúcar, mafuta amati aceite, ndipo akamalakalaka kanthu amati ojalá, mawu amene muzu wake ndi womwewo wa insha Allah yathu ija. Lero m'dzikomo muli Asilamu oposa 2 miliyoni, ambiri ochokera ku Morocco. Mzikiti waukulu wa ku Madrid unatsegulidwa mu 1992, ndipo wa ku Granada mu 2003. Mwana wathu woleredwa m'madhihabu a Shafi asadabwe akaona ena a Maliki akuswali manja ali m'mbali. Ndi abale ake omwewo.

Tsopano tibwere pamene pagona nkhani, pa mapepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmalawi sangangofika ku Spain n'kuyamba ntchito. Amene akumulemba ntchitoyo ndiye amayenera kumupemphera chilolezo ku boma lakwawo, ndipo viza imatengedwa munthu asananyamuke. Viza ya mlendo wongocheza si ya ntchito, ngakhale wina atalumbira kuti zikakonzedwa mukafika. Tinenenso poyera kuti sukulu zambiri zimakonda kulemba amene ali kale ndi ufulu wogwira ntchito ku Ulaya, kotero mpikisano ndi waukulu. Satifiketi yodziwika yophunzitsira Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina, monga CELTA ya ku Cambridge, imathandiza, koma nayo imafuna ndalama.

Tonse tinamva mu 2024 pamene BBC inaulula za amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman. Analonjezedwa ntchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Limenelo ndi dziko la Asilamu anzathu, choncho tisaganize kuti dzina la dziko ndilo limateteza mwana. Bambo ndi mjomba akhale pansi ndi mwanayo, aone kalata ya mgwirizano ndi maso awo. Sukuluyo dzina lake ndani, ili mumzinda uti? Malipiro ndi angati, nanga nyumba alipira ndani? Migwirizano yambiri ya sukulu zoterezi imatha mu June; miyezi ya tchuthi adzadya chiyani? Wothandiza amene akufuna ndalama zambiri musanaone pepala lililonse, kapena wofuna kusunga pasipoti, mutsanzikeni pomwepo.

Za Dini nazo zikambidwe asanapite. Kumeneko nyama ya nkhumba ili paliponse, amaipachika miyendo yathunthu m'masitolo, ndipo mafuta ake amalowa ngakhale m'makeke ena. Mabutchala a halali alipo m'mizinda ikuluikulu. Makalasi ambiri amakhala madzulo anthu akaweruka, nthawi ya Asri ndi Maghribi, ndipo mu June ku Madrid dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Lamulo la mu 1992 limalola Msilamu kupempha kuchoka pa ntchito Lachisanu kuyambira 1:30 mpaka 4:30 masana, komanso kuweruka ola limodzi dzuwa lisanalowe m'mwezi wa Ramadhani, koma pokhapokha atagwirizana ndi bwana wake, ndipo maolawo amabwezedwa. Nkhani imeneyi aikambe asanasayine, osati atafika.

Kwa iwe mwana wathu amene ukuwerenga masiku, yamba lero kuphunzira Chisipanishi, poti pamsika ndi kuchipatala Chingerezi chako sichikakuthandiza kwenikweni. Ndipo usachoke pa sukulu yako mozemba usiku. Lemba kalata kwa ahedi nthawi ikadalipo, kuti ana a Sitandade 8 amene ukuwasiya apezeredwe mphunzitsi wina mayeso asanafike.