Thumba la Onse, Wogawa Ndani?

Makolo amene ali ndi mwana pa yunivesite adziwa kuti cikalata ca malipiro cimabwera ndi mizere yambiri. Pali ndalama ya maphunziro, ya cipinda cogona, ya mayeso, ndipo kumunsi kwenikweni kumakhala kandalama kena kakang'ono ka bungwe la ophunzira. Kandalama aka timangolipira osafunsa, pakuti maso athu amakhala pa ziwerengero zikuluzikulu za pamwamba. Koma ophunzira zikwi zambiri akaponya aliyense kake, thumba limalemera ndithu, ndipo olimasula ndi kugawa za mkati mwake amakhala anyamata ndi atsikana amene anzao anawasankha. Mwezi uno tifuna kukamba za thumba limeneli: momwe amaligawira, ndi cimene cimacitika pamene ogawa sakonda maganizo a wopempha. Nkhani yathu icokera ku America, kumene mkangano wa thumba la ophunzira unafika kawiri konse ku Khoti Lalikulu la dzikolo.

Tiyambe ndi Yunivesite ya Virginia, sukulu ya boma imene Thomas Jefferson anayambitsa mu 1819 ku Charlottesville. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, wophunzira aliyense anali kulipira madola 14 pa semesita, ndiko kuti kawiri pa caka, ndipo ndalamazo zinali kulowa m'thumba lothandizira timagulu ta ophunzira. Kagulu kofuna thandizo kanayenera kuyamba kalembetsa ku yunivesite, kuonetsa malamulo ake olembedwa, ndi kulonjeza kuti sikadzasankha anthu polandira mamembala. Pambuyo pake kanali kupereka pempho ku komiti yogawa ndalama ya Khonsolo ya Ophunzira. Ndalama sizinali kuperekedwa m'manja mwa atsogoleri a kaguluko. Iwo anali kubweretsa zikalata za ngongole, ndipo Khonsolo inali kulipira mwini ngongoleyo mwacindunji. M'caka ca maphunziro ca 1990 mpaka 1991, timagulu tolembetsa tinali 343. Mwa ito, 135 tinapempha thandizo, ndipo 118 tinalandira. Pakati pa tolandirato panali timagulu 15 tofalitsa nkhani, monga manyuzipepala ndi magazini a ophunzira.

Mu 1990, wophunzira wina dzina lake Ronald Rosenberger, pamodzi ndi anzake, anayambitsa magazini yochedwa Wide Awake. Inali kukamba za kusankhana mitundu, za mimba zosayembekezera, za nkhawa, za pemphero ndi zina zokhudza moyo wa ophunzira, koma zonsezo inali kuziona ndi maso a cikristu. Anyamatawa anapempha komiti kuti ilipire wosindikiza madola 5,862. Komiti inakana, niti malamulo a thumba saloleza kulipirira nchito za cipembedzo. Anacita apilo ku Khonsolo yonse, nakanidwanso. Anakwera kwa akuluakulu a yunivesite, koma yankho linali lomwelo. Ngakhale makhoti awiri oyamba anagamula mokomera yunivesite.

Tisafulumire kunena kuti okanawo anali adani a Mulungu. Malamulo aakulu a dziko la America amaletsa boma kukhazikitsa kapena kukondera cipembedzo, ndipo yunivesite ya boma inaopa kuti kulipirira magazini yolalikira Kristu kudzakhala kuphwanya lamulo limeneli. Oweruza anai mwa asanu ndi anai a Khoti Lalikulu anagwirizana ndi mantha amenewa. Woweruza David Souter, polemba m'malo mwao, anaona kuti ndalama yotoledwa mokakamiza ndi sukulu ya boma siyenera kulipirira ulaliki. Koma pa 29 June 1995 oweruza asanu anagamula mokomera Rosenberger. Woweruza Anthony Kennedy anafotokoza kuti thumbalo lili ngati bwalo limene yunivesite inatsegula kuti ophunzira azikambiranapo. Pa bwalo lotere, ngati magazini ina iloledwa kukamba za kusankhana mitundu popanda kuchula Mulungu, palibe cifukwa cotsekera pakamwa ina imene ikamba nkhani yomweyo mochula Mulungu. Kutero ndiko kusankha anthu cifukwa ca maganizo ao.

Akristu ambiri anaomba m'manja. Koma nkhani sinathere pomwepo, ndipo mbali yake yaciwiri ndiyo itiphunzitsa zambiri.

Pa Yunivesite ya Wisconsin, mu mzinda wa Madison, wophunzira aliyense analipira madola 331.50 m'caka ca 1995 mpaka 1996. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a ndalamazo anali kupita ku zinthu zokhazikika monga cipatala ca ophunzira, masewera ndi kusamalira nyumba zosonkhaniramo. Zotsalazo ndizo zinali m'manja mwa bungwe la ophunzira kuti ligawire timagulu, ndipo timagulu tolembetsa caka cimeneco tinali 623. Njira zolandirira ndalama zinali zitatu: ziwiri zinali kudzera m'makomiti a bungwelo, yacitatu inali voti ya ophunzira onse. Mwa njira ya votiyo, gulu lina lochedwa WISPIRG linapatsidwa madola 45,000.

Mu 1996, wophunzira zamalamulo Scott Southworth, mkristu wolimbikira, anapita ku khoti pamodzi ndi anzake. Iye sanali kupempha ndalama. Dandaulo lake linali lakuti akakamizidwa kupereka ndalama zimene zina zipita ku timagulu ta ndale ndi ta maganizo otsutsana ndi cikumbumtima cake. Funso lake linali lomveka, ndipo kholo lililonse lingalimve: bwanji thukuta langa likalimbikitse cimene ine ndiyesa coipa? Makhoti awiri oyamba anamumvera. Koma pa 22 March 2000, oweruza onse asanu ndi anai a Khoti Lalikulu anagamula kuti yunivesite ili nao ufulu wotolera ndalamazo kwa wophunzira aliyense. Wolemba cigamulo anali Kennedy yemwe uja. Iye anafotokoza kuti yunivesite ikafuna ingathe kubwezera ndalama wophunzira wodandaula, koma lamulo siliikakamiza kutero. Citetezo ca wophunzira wotere ndi cimodzi: thumba ligawidwe mosayang'ana maganizo a wopempha.

Taonani tsono, abale: lamulo limene linapatsa Rosenberger ndalama ndi lomwelo limene linamana Southworth cimene anafuna. Onse awiri anali akristu. Woyamba anauzidwa kuti sangatsekeredwe kunja kwa bwalo cifukwa ca cikhulupiriro cake. Waciwiri anauzidwa kuti sangatsekere ena kunja, kapena kucotsa dzanja lake pa bwalolo, cifukwa ca cikhulupiriro cake. Amene akondwera ndi cigamulo ca 1995 ayenera kulandiranso ca 2000, pakuti mpeni wake ndi umodzi.

Pa njira ya voti, oweruza anakayika kwambiri. Ambirife timaganiza kuti cimene anthu oculuka asankha ndico cilungamo, ndipo posankha atsogoleri nzoonadi. Koma pogawa thumba limene onse anaponyamo, voti imapatsa oculuka mphamvu yomana ocepa. Kagulu ka anthu 12 sikangapambane voti pa sukulu ya ophunzira zikwi makumi angapo, cinkana anthu 12 amenewo analipira mofanana ndi anzao. Ncifukwa cake Khoti linabweza mbali imeneyi ku makhoti aang'ono, litacenjeza kuti maganizo a ocepa ayenera kulemekezedwa mofanana ndi a oculuka.

Southworth sanapite cabe. Mlandu wake unapitirira, ndipo mu 2002 khoti la apilo la ku Chicago linanena kuti ogawa ndalama sangasiyidwe kuti azicita monga mitima yao ifunira. Payenera kukhala miyezo yolembedwa ndi njira yocitira apilo. Khotilo linakananso kuti kagulu kazipatsidwa zambiri cifukwa cakuti ndi kakale, kapena cifukwa cakuti kanalandira zambiri zaka zapitazo. Muyezo wotere umaoneka wosalakwa, koma umasunga tsankho la dzulo: amene anakondedwa kale apitiriza kudya, ndipo amene anamanidwa kale, kapena angoyamba kumene, akhalabe kumbuyo.

Pa sukulu yomweyo ya Madison, gulu la ophunzira Acikatolika lochedwa Badger Catholic linakumana ndi vuto lofanana ndi la Rosenberger. Yunivesite inali yokonzeka kulipirira zokambirana za cipembedzo, koma inakana kulipirira zocitika zimene munali mapemphero, kupembedza kapena kuphunzitsa cikhulupiriro. Mu 2010 khoti la apilo lija, oweruza awiri mwa atatu, linagamula mokomera ophunzirawo, ndipo mu 2011 Khoti Lalikulu linakana kuuonanso mlanduwo. Ophunzira Acikatolika amenewa anapambana ndi lamulo lomwe lija limene linagwetsa Southworth zaka 10 m'mbuyomo. Cikhala kuti mu 2000 anagamula kuti aliyense azilipirira timagulu tokhato timene agwirizana nato, thumba la onse likadang'ambika, ndipo timagulu tating'ono, ta cipembedzo ndi tina, tikadatsala ndi ndalama za mamembala ake okha.

Malamulo a ku America satimanga ife kuno. Koma ana athu amene ali pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, pa ya Copperbelt ku Kitwe ndi m'makoleji ena, naonso ali ndi mabungwe a ophunzira, ndipo ena mwa iwo adzakhala pa mipando yogawira ndalama za anzao. Kwa ambiri, imeneyo idzakhala nthawi yoyamba kugwira ndalama za gulu. Cizolowezi cimene adzatenga pa mpando umenewo ndico adzapita naco ku khonsolo ya boma, ku unduna ndi ku nyumba ya malamulo. Mnyamata amene aphunzira ali ndi zaka 21 kuti thumba la onse ndi lolipirira amene anamuvotera, sadzasintha pamene adzafika zaka 50.

Nanga tiwauze ciani akabwera ku chuthi? Pa milandu imeneyi titolapo malangizo asanu.

Coyamba, malamulo ogawira ndalama alembedwe ndi kulengezedwa mapempho asanafike. Lamulo lopangidwa pamene wopempha waima kale pakhomo limakhala ndi nkhope ya wopemphayo.

Caciwiri, mafunso a komiti akhale a zinthu zooneka ndi zowerengeka: kodi kaguluka kanalembetsa? Kodi bajeti yake ndi yomveka? Kodi cimene kafuna kucita ndi cotseguka kwa ophunzira onse? Kodi kanaonetsa malisiti a ndalama zimene kanalandira kale? Funso lakuti "kodi tigwirizana nao?" lisamveke m'cipindamo.

Cacitatu, pempho likakanidwa, cifukwa cake cilembedwe, ndipo wokanidwa adziwe khomo lina limene angagogode. Rosenberger anafika kutali cifukwa pa khomo lililonse anapatsidwa yankho limene anatha kulitsutsa pa khomo lotsatira.

Cacinai, atengere nzeru ya ku Virginia yolipira mwini ngongole mwacindunji. Ndalama imene sinalowe m'thumba la malaya a munthu siyesa mtima wake, ndiponso siutsa mphekesera.

Cacisanu, wa m'komiti amene ali membala wa kagulu kopempha atuluke panja pamene pempholo likambidwa. Munthu sangaweruze mlandu wa mbale yake ya nsima.

Tisabise kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Mwana wanu, atakhala pa mpando wotere, tsiku lina adzayenera kusaina ndalama ya kagulu kamene kaphunzitsa zimene iye ndi inu mukana ndi mtima wonse. Cidzamuwawa, monga cinamuwawira Southworth. Saumirizidwa kuvomereza maganizo ao, ndipo ali ndi ufulu wonse wowatsutsa poyera, wolemba nkhani zowayankha, woitanitsa msonkhano wake. Cimene alibe ndi ufulu wosandutsa thumba la onse kukhala cikwapu, pakuti ndalamazo si zake, ndipo mwa oponyamo muli omwewo amene afuna kuwamana. Akumbukirenso kuti zisankho za ophunzira zimabwera caka ndi caka. Amene agawa lero adzaima pa mzere mawa, ndipo makolo athu ananena kale kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Ifenso akuluakulu nkhani imeneyi isatipite pambali. Ambiri a ife tili m'makomiti a sukulu, a makopaletivu, a cilimba ndi a parishi, ndipo timagawa ndalama zimene anaponya ndi ena. Ndi kangati timamva kuti "awa tiwapatse cifukwa ndiwo akale," kapena "awo adikire cifukwa amavuta pa misonkhano"? Pa msonkhano wotsatira, pempho la kagulu kamene sitikakonda likafika patebulo, tiyese kuphimba dzina lake ndi cikhato, tiwerenge zotsalazo, ndipo tidzifunse ngati tikadalikana likadakhala la anzathu.