Zipupa Zimene Siziiwala

Mwezi uno tiyeni tikaceze ku Liverpool, mzinda wa ku England umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Mersey. Kumeneko kuli nyumba zazikulu zosungiramo katundu wamalonda zochedwa Albert Dock, zimene zinatsegulidwa mu 1846. Mmisiri Jesse Hartley anazimanga ndi njerwa, miyala ndi citsulo, kuti moto usaononge katundu. M'menemo munkasungidwa tiyi, fodya, shuga, thonje ndi minyanga ya njovu.

Koma cuma ca mzindawu cinasakanizika ndi misozi. Dziko la Britain lisanaletse malonda a akapolo mu 1807, zombo za ku Liverpool zinanyamula anthu a mu Afrika pafupifupi 1.5 miliyoni kupita nao ku America. Ngakhale pa nthawi imene nyumbazi zinkamangidwa, thonje lambiri lofika padokoli linali lolimidwa ndi akapolo a ku United States, amene anadzamasulidwa mu 1865.

Dokolo linatsekedwa mu 1972, ndipo nyumbazo zinayamba kuonongeka. Ena anafuna kuzigwetsa, koma zinakonzedwanso, ndipo mu 2007 anatsegulamo malo oonetsa mbiri ya ukapolo.

Pamenepa pali phunziro kwa ife. Kugwetsa nyumbazo kukanakwirira mlandu. Kungozinyadira cabe kukanakhala bodza. Mkristu saopa coonadi. Pofotokozera ana athu mbiri ya cuma ca banja kapena ca dziko, tizichulanso amene anakhetsa thukuta osalandira malipiro, pakuti Mulungu sanawaiwale.